Licero la Nsungwi ndi Mbale ya Pulasitiki

Pa mudzi wina wa kufupi ndi Katete panali mtsikana amene anali kukhala ndi ambuya ace. Tsiku lina Loweruka, cimanga citatha kulowa m'nkhokwe, ambuyawo anampatsa ndalama namtuma ku msika kukagula licero latsopano, pakuti lao linali litayamba kumasuka mkombero.

Pofika pa msika mtsikanayo anapeza mkulu wina atakhala pa tsinde la mtengo ndi malicero ace. Anafunsa mtengo wace, naona kuti ndalama zace zonse zikathera pomwepo. Koma patsogolo pang'ono panali mnyamata wogulitsa mbale zazikulu za pulasitiki, zofiira ndi zobiriwira, zonyezimira monga zadzozedwa mafuta. Mtengo wa mbale imodzi sunafike ngakhale theka la mtengo wa licero. Mtsikanayo anagula yofiira, namanga ndalama zotsala pa nsonga ya citenje, nabwerera kwao wokondwa.

"Ambuya, taonani," anatero pogwada. "Ndagula cinthu cokongola, ndipo ndalama zina nazi, zatsala."

Ambuya analandira mbaleyo, naitembenuza uku ndi uku, osakalipa ai. Anangoti, "Wacita bwino kubweza zotsalazi, mdzukulu wanga. Tsono tenga mphale iri mu mtondomo upete, tione."

Mtsikana anayesa kupeta, koma zinakanika. Mphale ndi gaga zinali kutsetsereka pamodzi pa pulasitiki yoterera, ndipo zina zinatayikira pansi, nkhuku nizitola. Pa licero sizitero, cifukwa nsungwi zolukana zimagwira maso a mphale pang'ono, gaga wopepuka nathamangira kutsogolo.

Motero mbale ija inasanduka yoyanikira ufa. Mvula isanagwe inali itambuwa ndi dzuwa, ndipo tsiku lina inagwa pa thandala ning'ambika pakati. Panalibe munthu pa mudzi ponse wodziwa kuisoka. Koma licero lakale lija ambuya anapita nalo kwa wolukayo, iye nalisokanso mkombero, nalandira mbale ya nshawa. Pobwera nalo ambuya anati kwa mdzukulu wao, "Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere."

Nchito za makolo

Kale anthu a dziko lino anali kudzipangira okha pafupifupi zonse zofunika pa nyumba. Akazi anali kuumba miphika, mitsuko ndi mbiya. Amuna anali kuluka madengu, malicero ndi mphasa, kusema mitondo, minsi ndi mipando, ndi kusula nsaru ya ciwondo kucokera ku khungwa la mtengo. Ena anali kukumba miyala ya citsulo, naisungunula m'ng'anjo zadothi. Mpwitikizi wina, dzina lace Antonio Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 kupita kwa Mwata Kazembe, anapyola m'dziko la Amaravi ndi Acewa, nalemba za anthu amene anawaona alikusungunula citsulo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mipeni.

Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, m'dera la Siavonga, anapeza manda a anthu amene anakhalako zaka mazana angapo zapitazo. M'mandamo munali mitanda ya mkuwa, makoza, makasu, zidutswa za nsaru, ndi zipangizo zokokera waya wa mkuwa. Munalinso mikanda yagalasi yocokera kutsidya la nyanja. Ici cisonyeza kuti makolo sanali kukana zinthu za kutali. Anali kuzigula ndithu, koma anali nazonso zao zimene manja ao anadziwa kupanga.

Mmene zipangidwira

Munthu amene aona cinthu ciri cotha pa msika sadziwa thukuta limene linagwapo. Woluka licero amayamba ndi ulendo wa ku phiri kapena ku mtsinje kumene kuli nsungwi. Amasankha zokhwima zokha, pakuti zanthete sizicedwa kufumbwa. Atafika nazo ku mudzi amazing'amba ndi mpeni, nazipala imodzi imodzi kufikira zitapyapyala ndi kulingana. Pamenepo amaziluka pansi monga kamphasa, nazinyowetsa kuti zifewe, nazikankhira m'kati mwa mkombero wopindidwa kale. Potsiriza amadula zotsalira m'mbali, nasoka mkombero ndi luzi kapena mlaza. Mwini nyumba wanzeru akagula licero latsopano amalipacika m'khicini pamene pafika utsi, cifukwa utsi uingitsa tizirombo toboola nsungwi.

Woumba mbiya nayenso sangotapa dothi liri lonse. Amadziwa kumene kuli mtapo wabwino, mwina kutali ndi mudzi, nasenza dothilo pamutu. Amalisinja, nacotsa timiyala ndi timizu, ndipo ambiri amasanganizamo mapale akale operapera kuti mphika usang'ambike pa moto. Amaumba ndi zala, osayesa ndi cingwe kapena cina ciri conse, koma mphika umaturuka wozungulira bwino lomwe. Amausalaza ndi citsononkho ndi kamwala kosalala, naulemba maluwa m'khosi, nauumika pa mthunzi masiku ambiri. Akauyanika pa dzuwa msanga umacita ming'alu, nchito yonse nipita pacabe. Utauma amauocha pa moto wa nkhuni ndi makungwa.

Mtsuko wotere uli ndi nzeru yace imene cigubu ciribe. Khoma lace liri ndi timabowo tating'ono tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amapyola m'timabowomo nafika kunja, ndipo pamene auma ndi mphepo amacotsako kutentha kwa mtsuko, monga momwe thukuta liziziritsira thupi la munthu. Ndico cifukwa cace madzi a mu mtsuko amakhala ozizira ngakhale m'mwezi wa October, pamene a m'cigubu afunda monga aphikidwa.

Osula a masiku ano sasungunulanso miyala. Amatola zitsulo za magalimoto akufa, makamaka masipuling'i, amene citsulo cace ndi colimba ndithu. Amaciika pa makala a pa cipala, mnyamata napukusa mvukuto kufikira citafiira, wosula nacimenya ndi nyundo, nicisanduka nkhwangwa kapena kasemasema. M'matauni amisiri ena amadula malata ndi migolo yakale napanga mbaula, ndowa ndi zitini zothirira ku dimba. Motero cinthu cimene cinatayidwa cimabweranso m'nyumba kudzagwira nchito.

Cifukwa ninji za kunja ziri zotsika mtengo?

Pulasitiki imapangidwa kucokera ku mafuta okumbidwa pansi pa nthaka. Ku fakitale makina amaisungunula, naithira m'cikombole, ndipo mphindi imodzi isanathe mbale yaturuka. Makina satopa, sapita ku maliro, salima munda. Pamene woluka alikupala nsungwi za licero limodzi, makinawo aturutsa mbale zikwi zambiri, munthu mmodzi yekha alikuwayang'anira. Cifukwa cace mtengo wa mbale imodzi umakhala waung'ono.

Katundu wambiri wotere amacokera ku maiko a kutali monga China ndi India. Popeza Zambia alibe doko la pa nyanja yamcere, katunduyo amatsikira pa madoko a maiko ena, monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, nakwera pa magalimoto akulu, nalowa pa zipata za Nakonde, Chanida ndi Chirundu. Ngakhale ulendo ndi wautali cotero, m'bokosi limodzi lacitsulo mumalowa mbale zosawerengeka zovundikirana, kotero kuti mbale iri yonse imalipira pang'ono pokha pa ulendowo.

Koma pali njira yinanso yotsitsira mtengo, ndiyo kucepetsa cuma ca m'kati. Wopanga amene afuna kugulitsa mocipa amapyapyaza pulasitiki, kapena amaika citsulo cofewa m'khasu nacipaka utoto wonyezimira. Wogula sazindikira pa tsiku logula. Amazindikira pamene khasu lapindika pa nthaka youma, wogulitsa uja atapita kale.

Mtengo weniweni wa cinthu

Mtengo wa cinthu suli ndalama zokhazo zimene munthu apereka pa tsiku loyamba. Wogula wanzeru amafunsa mafunso atatu: Kodi cidzakhala nthawi yotani? Kodi cikaonongeka cingakonzeke? Nanga cikatha nchito cidzapita kuti?

Nayi samu yongoyerekeza. Mai wina agula dengu pa K60, nalisunga bwino zaka 4. Mnzace agula beseni lopyapyala pa K25, koma limasweka caka ndi caka, iye nagula lina. Pakutha zaka 4 mai woyamba wataya K60, waciwiri wataya K100. Amene anayesa kuti wapulumutsa ndalama ndiye walipira zambiri.

Funso laciwiri ndi lolemera koposa. Mphasa ikaduka cingwe imasokedwa. Mpini ukathyoka, mwamuna amalowa m'thengo nasema wina. Nkhwangwa ikabuntha imanoledwa, ndipo msuka wa khasu ukaduka wosula amaulumikiza. Wopangayo ali pafupi, adziwika dzina ndi mudzi, ndipo sangakonde kucita manyazi pamaso pa anansi ace. Koma pulasitiki ikakhalitsa pa dzuwa imauma nikhala yosacedwa kusweka, ndipo ikasweka nkhani yatha. Mwini fakitale ali kutsidya la nyanja, sadzamva dandaulo la munthu wa ku Petauke.

Funso lacitatu likhudza mudzi wonse. Dengu lakutha limaola nkusanduka manyowa. Mphika ukasweka, phale lace limakazingira nshawa, kapena limamwetsera nkhuku, kapena limaperedwa kulowa mu mphika watsopano. Pulasitiki siola. Imakhala m'munda zaka zambirimbiri, imatseka ngalande za madzi m'matauni, ndipo zigubu zosweka zimasunga madzi a mvula m'mene udzudzu uswana. Mbuzi ndi ng'ombe zikameza timatumba ta pulasitiki zimadwala, zina nkufa. Ikatenthedwa, utsi wace uononga cifuwa. Cifukwa ca mabvuto otere, mu 2018 Boma la Zambia linaika lamulo loletsa timatumba topyapyala kwambiri. Munthu wopita ku msika ndi dengu lace safuna kathumba konse.

Kumene ndalama ipita

Ndalama iri ndi miyendo. Mai akagula licero kwa woluka wa mudzi woyandikana, wolukayo amagulira mwana wace makope, nalipira wa cigayo, nagula tomato kwa mwini dimba. Mwini dimba amapita nayo kwa telala, telala naipereka kwa wokonza njinga. Ndalama imodzi yomweyo yadyetsa nyumba zinai kapena zisanu, osaturuka m'dera.

Ndalama yogulira mbale ya kunja nayo imasiyako pang'ono kwa mnyamata wa pa msika ndi kwa mwini sitoro, ndipo iwonso ndi anthu ofuna kudya. Koma gawo lina limaoloka malire kukalipira fakitale ndi zombo. Katundu wa kunja salipidwa ndi kwacha, koma ndi ndalama za maiko ena, zimene Zambia amazipeza makamaka pogulitsa mkuwa. Ndalama zimenezo zifunikanso pogula mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi makina. Ndi cinthu comvetsa cisoni kuzitayira pa zinthu zimene nsungwi ndi dothi la kwao zikadatha kupereka.

Za nsaru zipereka citsanzo. Kuyambira 1991, pamene malonda ndi maiko ena anamasulidwa, zobvala za salaula ndi nsaru zotsika mtengo zinalowa zambiri. Anthu osauka anabvala bwino koposa kale, ndipo ici cinali cokoma. Koma mafakitale a nsaru a m'dziko muno anafooka, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe inatsekedwa mu 2007, anchito ambiri nakhala pansi. Atelala ambiri anatsala ndi nchito yocepetsa ndi kusoka zigamba. Cinthu cimodzi cinathandiza ena ndi kupweteka ena.

Palinso cuma cina cosawerengeka ndi ndalama, ndico luso. Luso la kuumba ndi kuluka silinalembedwe m'buku. Limakhala m'zala za munthu, ndipo mwana amaliphunzira pokhala pambali pa mkulu zaka zambiri. Anthu akaleka kugula, mkulu amaleka kupanga, mwana naona kuti nchitoyo iribe phindu. Mkuluyo akamwalira luso limalowa naye m'manda, ndipo kulibe sitoro kumene lingagulidwenso.

Komatu luso limeneli likali ndi msika. Aulendo a pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka amaima pa Luangwa Bridge nagula madengu, mphasa ndi zipewa zoluka. Mu Lusaka, pa Kabwata Cultural Village, osema ndi oluka amagulitsa nchito zao kwa eni dziko ndi alendo omwe. Madengu a Atonga olukidwa ndi mlaza, ndi a Alozi olukidwa ndi mizu ya makenge, amagulidwa ngakhale ku maiko a kutsidya la nyanja. Nzodabwitsa kuti mlendo aoloka nyanja kudzafuna cinthu cimene mwini wace acipeputsa.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa

Munthu asaganize kuti ziri zonse za ku fakitale ndi zoipa, kapena kuti ziri zonse za manja ndi zabwino. Singano, njinga, mankhwala, masikito otetezera udzudzu ndi nyale za mphamvu ya dzuwa sizingapangidwe pa cipala ca pa mudzi, ndipo zathandiza anthu kwakukuru. Cigubu cotseka bwino ndi copepuka potunga madzi, sicisweka mwana akapunthwa naco, ndiponso sicilola zala zakuda kulowa m'madzi. Nyumba yanzeru imatungira m'cigubu, nisungira mu mtsuko wotsuka ndi wobvundikira, nitunga ndi cikho coyera ca mpini wautali.

Ndiponso alipo amisiri aulesi amene aluka nsungwi zanthete, kapena aocha mphika mosapsa, kapena akhoma mpando ndi matabwa auwisi. Miphika yina yopangidwa posungunula zitsulo zakale za injini imakhala ndi mtovu, umene uli woopsa m'cakudya, makamaka kwa ana. Osema ena amagwetsa milombwa yaikuru osabzala ina. Mmisiri wofuna kuti anthu agule zace ayenera kupanga zokoma, kunena zoona, ndi kusamala nkhalango imene imdyetsa.

Palinso tsiku limene munthu alibe ndalama zokwanira cinthu colimba, nagula cimene angathe. Wotereyo asanyozedwe. Koma amene angathe kusankha, asankhe ndi maso otseguka.

Kuona maso a nkhono nkudekha

Wogula mphika amaugogoda ndi cala. Wopsa bwino umalira momveka, koma wa mng'alu umalira mogonthera. Wogula licero amaliyang'anitsa ku dzuwa kuti aone ngati pali mipata, naligwedeza kuti aone ngati mugwa fumbi la kufumbwa, nayesa mkombero ndi manja. Wogula mphasa amaona ngati bango liri lokhwima ndi zingwe ziri zothinana. Wogula mpando amaukhalira naugwedeza. Ndipo akapeza cinthu cokoma sanenerera mtengo kufikira wopangayo atsala wopanda kanthu, pakuti akumbukira ulendo wa ku phiri ndi masiku a kupala nsungwi.

Caka cotsatira ambuya aja anatumanso mdzukulu wao ku msika. Iye anapita molunjika pa tsinde la mtengo uja, nagwada, napereka moni kwa mkuluyo, nasankha licero monga anamphunzitsira ambuya. Polandira ndalama mkuluyo anati, "Zikomo, mwana wanga. Ana anga onse ali ku tauni, ndipo palibe anatsala kuphunzira mpeni uwu."

Mtsikanayo anafotokoza mau amenewa kunyumba. Mlongo wace wamng'ono, amene anali kumvetsera ali cete, anapempha ambuya kuti pa holide apite kukathandiza mkuluyo kusenza nsungwi. Ambuya anabvomera, nampatsa mpeni wakale wa malemu ambuye ace aamuna kuti akaunole.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji mtsikana analephera kupeta mphale m'mbale ya pulasitiki?
2. Chulani zinthu zinai zimene zinapezeka pa Ingombe Ilede. Kodi mikanda yagalasi isonyeza ciani?
3. Fotokozani cifukwa cace madzi a mu mtsuko amazizira.
4. Chulani zifukwa ziwiri zimene katundu wa ku fakitale akhalira wotsika mtengo.
5. Kodi ndi mafunso atatu ati amene wogula wanzeru amafunsa?
6. Bambo wina agula nkhwangwa yosula pa K90, nikhala zaka 6. Mnzace agula ya K40 imene imatha pa zaka 2 ziri zonse. Ndani wataya zambiri pakutha zaka 6, ndipo ndi zingati?
7. Masulirani miyambi iyi: (a) Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. (b) Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

ZOCITA

1. Lembani maina a zipangizo 10 za pa nyumba panu m'mizere iwiri: zopangidwa ndi manja, ndi zocokera ku fakitale. Funsani akulu zaka zimene ciri conse cakhala.
2. Thirani madzi ofanana mu mtsuko ndi m'cigubu m'mawa, muziike pa mthunzi umodzi, ndipo mulawe masana.
3. Pitani mwaulemu kwa woumba, woluka kapena wosula wa kwanu. Mfunseni amene anamphunzitsa, ndi amene iye alikumphunzitsa tsopano. Lembani zimene mwamva.